Kwa Kapelula, Panjira Yakale Yotsikira Kunyanja

Dera la Mfumu Kapelula lili chakum'mawa m'boma la Kasungu, kumene chidikha cha fodya chimayamba kupendekera kunyanja. Wochokera ku Lilongwe amatsata msewu wa M1 mpaka pa Kasungu, n'kukhotera kudzanja lamanja mumsewu wa M18 wopita ku Nkhotakota. Akafika cha ku Mtunthama amasiya phula n'kulowa m'misewu yafumbi, imene nthawi ya dzinja imafuna dalaivala woleza mtima. Palibe chikwangwani choitanira alendo. Zimene maso amaona ndi zigafa zaudzu, mabani a njerwa, minda ya chimanga, soya ndi mtedza, mitengo ya mango yakalekale, ngolo, ndiponso anyamata a kabaza akudikira makasitomala pamphambano. Munthu wothamanga anganene kuti kuno kulibe choona, ndipo pamenepo ine ndimakana.

Dziko limeneli lakhala likutumiza katundu kutali kwa zaka zoposa 150. Fodya amene lero amapita ku Chinkhoma ndi ku Kanengo wangolowa m'malo mwa katundu wina amene anayamba kale kutuluka muno, ndipo katundu woyambayo ankathera kumizinda imene achinyamata athu amaisirira lero pa foni.

Tiyambe ndi Mwase. M'zaka za m'ma 1800, mfumu ya Achewa imene inkamveka kwambiri kuchigawo chino inali Mwase Kasungu, amene mudzi wake unali patsinde pa phiri la Kasungu. Mphamvu yake inagona pa njovu. Kuyambira kuno mpaka kuchigwa cha Luangwa njovu zinali mbwee, ndipo alenje akapha njovu, mnyanga wogunda pansi unkapita kwa mwini dziko. Mwase ankasinthanitsa minyangayo ndi nsalu, mikanda, wonga ndi mfuti za gogodera. Mfutizo ndizo zinamuthandiza kulimbana ndi Angoni a M'mbelwa, pa nthawi imene mafumu ena a Achewa ndi Atumbuka ankathawira m'mapiri kapena kugonja. Akuluakulu a kuno akamakamba za nkhondo ya pa Nguluyanawambe amaikamba mokweza mapewa, poti ndi pamene Mngoni anabwerera chammbuyo. David Livingstone anafika kwa Mwase mu 1863, ndipo anapeza mudzi waukulu, ng'ombe zambiri, komanso amalonda a kugombe atazolowera kale njira.

Koma tisabise mawu. Mfuti sizinkagulidwa ndi minyanga yokha. Mnyanga unkafuna munthu wousenza, ndipo wosenzayo nthawi zambiri naye anali malonda. Ogwidwa pankhondo, olephera kulipira mlandu, ana obedwa kumunda kapena kuchitsime, onsewo ankamangidwa magoli n'kuloza kum'mawa. Njira zochokera kwa Mwase kupita kunyanja zinkadutsa chigawo chakum'mawa chino, kuwoloka mitsinje, kulowa m'nkhalango imene lero ndi malo otetezedwa a nyama a Nkhotakota, n'kutsikira ku Linga, kunyanja ku Nkhotakota. Midzi ya m'njira inkagulitsa ufa ndi nkhuku kwa apaulendo, ndipo ina inkataya ana ake kwa apaulendo omwewo. N'chifukwa chake mpaka lero mabanja ena akafunsidwa kumene agogo a agogo awo anachokera, nkhani imadukira panjira.

Ku Nkhotakota kunali Jumbe. Woyamba, Salim bin Abdallah, anafika cha m'ma 1840 kuchokera kugombe la Aswahili, ndipo anamanga mudzi wamalonda umene unakula kuposa midzi yonse ya m'mbali mwa nyanja. Anakhoma zombo zamatanga zowolotsa anthu ndi minyanga kupita kutsidya lakum'mawa, ndipo kuchokera kumeneko ulendo wapansi wa miyezi ingapo unkathera ku Kilwa. Kuchoka ku Kilwa, katundu ankakwera zombo kupita kumsika wa ku Zanzibar. A Jumbe ankadzitcha nthumwi za Sultan wa ku Zanzibar. Nanga Sultan ameneyu anali yani? Anali Mwarabu wa ku Oman. Seyyid Said, wolamula ku Muscat, anasamutsira likulu lake ku Zanzibar cha m'ma 1840 atawona kuti chuma chenicheni chili ku Africa. Atamwalira mu 1856, ana ake anagawana ufumu, wina kutenga Muscat, wina Zanzibar. Akapolo ambiri ankatsala m'minda ya pachilumbapo, koma ena ankapitirira ndi mphepo ya panyanja mpaka ku Oman ndi kumadoko ena a Aarabu. Choncho njira imene inkayambira patsinde pa phiri la Kasungu, mapeto ake anali ku Muscat.

Lero ulendo umenewu ndi wa tsiku limodzi: kukwera ndege pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi, kusintha ku Addis Ababa, m'mawa uli ku Muscat. Mmalawi amene wafika kumeneko kukacheza amamuonetsa zinthu zokongola ndithu. Amamuonetsa malinga awiri amiyala, Al Jalali ndi Al Mirani, amene Apwitikizi anamanga m'ma 1580 pamwamba pa matanthwe oyang'ana doko, asanathamangitsidwe mu 1650. Amamulowetsa mumsika wakale wa Mutrah, wa tinjira topapatiza tonunkhira lubani wochokera ku Dhofar. Amapita naye kumzikiti waukulu wa Sultan Qaboos, umene unatsegulidwa mu 2001. Akalowa m'nyumba ya munthu amamulandira ndi khofi wowawa m'tikapu ting'onoting'ono, zipatso za kanjedza, ndi halwa, chakudya chotsekemera chonanda chophikidwa ndi shuga, mafuta a mkaka ndi zonunkhiritsa. Pa chikondwerero cha Eid amadya shuwa, nyama yokulungidwa m'masamba imene amaikwirira m'dzenje lamoto tsiku lathunthu kapena kupitirira. Chimene chimadabwitsa ambiri n'chakuti mumsikamo amamva Chiswahili, chifukwa mabanja ambiri a ku Oman anabwerera kwawo kuchokera ku Zanzibar pambuyo pa chipwirikiti cha mu 1964. Woyendetsa alendo amakamba monyadira za ufumu wa panyanja umene makolo ake anali nawo. Za magoli satchula kawirikawiri, ngakhale ukapolo m'dzikolo unathetsedwa mwalamulo posachedwapa, mu 1970. Wa ku Kasungu akamayenda mumsika wa Mutrah aziyang'anitsitsa nkhope za anthu, zina mwa izo si zachilendo.

Tibwerere kwathu. Msika wa akapolo wa ku Zanzibar unatsekedwa mu 1873, koma malonda a kumtunda kuno anapitirira zaka zina makumi awiri. Mngelezi Harry Johnston anapangana pangano ndi Jumbe mu 1889, ndipo patapita zaka zochepa Jumbe womaliza anachotsedwa paudindo n'kutumizidwa ku Zanzibar. Mwase wa nthawiyo, Chibisa, anakana kugwadira azungu ndipo anasunga mnzake wamalonda, Saidi Mwazungu. Kumapeto kwa 1895 asilikali a boma la atsamunda anakwera kuchokera ku Nkhotakota, kutsata njira yomweyo imene akapolo ankatsikira, n'kugumula linga lake. Chibisa anasankha kudzipha m'malo mogwidwa. Azungu anamanga boma lawo pomwepo n'kulitcha Fort Alston, dzina la msilikali wina wa pankhondoyo, koma dzinalo silinamere. Anthu anapitiriza kunena kuti Kasungu.

Anthu ena amafuna kuti Chibisa akhale ngwazi yopanda banga, ena amafuna akhale wogulitsa anthu basi. Ine ndimaona kuti anali zonse ziwiri, ndipo mwana wasukulu wa kwa Kapelula ayenera kuuzidwa zonse ziwirizo pa tsiku limodzi.

Amalonda a kugombe anasiya zizindikiro zimene timadya mpaka lero osaganizako. Ulimi wa mpunga m'madambo a Nkhotakota unakula m'nthawi ya a Jumbe, ndipo mpunga umenewo ndiwo umakwera mtunda pa malole ndi njinga kudzaphikidwa pa ukwati ndi pa Khirisimasi kwa Kapelula. Chisilamu nacho chinalowa chigawo chapakati kudzera pa Linga. Amishoni a Anglican anakhazikika ku Nkhotakota mu 1894, ndipo mkuyu umene amati Livingstone anakambirana ndi Jumbe patsinde pake ndi umodzi mwa malo amene alendo amakaona.

Za Kamuzu sindichulutsa, poti aliyense ali nazo zake zonena. Kwawo kunali konkuno, ndipo pa Mtunthama pali mtengo wa kachere umene amati ndi pamene anaphunzirira zilembo zoyamba. Anachoka ali mnyamata kuyenda wapansi kupita ku Southern Rhodesia ndi ku Joni, monga anachitira anyamata ambiri a m'midzi ino, ndipo anabwerera pa 6 July 1958. Mu 1981 anatsegula Kamuzu Academy pafupi ndi kachereyo, sukulu ya zipilala ndi dziwe patsogolo, yophunzitsa Chilatini ndi Chigiriki pakati pa minda ya fodya. Mlendo aimepo ndithu, aone. Akatha ayende makilomita ochepa alowe m'kalasi ya pulayimale ya kumudzi, aone ana atakhala pansi. Zithunzi ziwirizo n'za boma limodzi.

Chimene chinasintha nkhope ya dziko lino kotheratu ndi fodya. Agogo athu amakumbukira nkhalango ya misuku, mitondo ndi mombo imene munthu ankayendamo tsiku lonse dzuwa osamuwotcha. M'zaka za m'ma 1970 boma linatsegula chidikha cha Kasungu kuti chikhale cha maesiteti. Kunabwera bungwe la Kasungu Flue-Cured Tobacco Authority lophunzitsa alimi fodya wowotcha m'mabani, kunabwera minda ikuluikulu ya Press, ndipo nduna, akuluakulu a chipani ndi a m'boma analimbikitsidwa kutenga malo ndi ngongole kubanki. Malo amene anali m'manja mwa mafumu anasanduka a lizi. Lamulo la nthawiyo linkaletsa mlimi wamba kulima fodya wa bale. Mwayiwo unali wa eni maesiteti okha, mpaka cha mu 1990 pamene chitseko chinayamba kutsegulidwa. Mabani ankadya nkhuni usiku ndi usana, zigafa zinkafuna mitengo chaka ndi chaka, ndipo m'badwo umodzi wokha unakwanira kumaliza nkhalango.

Maesiteti anafunanso manja. Malole ankapita ku Mulanje, Thyolo, Phalombe, Machinga, Mangochi ndi Dedza kukatenga matenanti, mabanja athunthu ndi ana ndi miphika yawo. Tenanti ankapatsidwa munda, fetereza ndi chimanga chakudya pangongole, ndipo pakutha pa chaka bwana ankagula fodya pamtengo umene iye mwini wakonza, n'kuchotsera zonse zija. Ena ankabwerera kwawo ndi njinga ndi wailesi. Ena ankauzidwa kuti ngongole yaposa fodya, n'kutsala chaka china, kenako china, mpaka ana kukulira pompo. N'chifukwa chake pamsika wa kuno mumamva Chilomwe, Chiyao ndi Chitumbuka pakati pa Chichewa cha Kasungu, ndipo mwana wobadwira pa esiteti ukamufunsa kwawo amatchula boma limene sanapondeko. Nyumba ya Malamulo inathetsa utenanti mu 2021. Pepala linasainidwa, koma amene akufuna kudziwa ngati unathadi akafunse m'zithando za kuseri kwa zigafa.

Ntchito ya fodya ndi chinthu choti mlendo aone ndi maso, chifukwa osuta ndudu ku Ulaya saidziwa. Imayamba ndi nazale kudambo cha mu September, kuthirira m'mawa ndi madzulo ndi makheni. Mvula ikagwa, kuwokera. Kenako kupalira, kuthira fetereza, kubandira, kudula nsonga, kuphata. Ikafika January ndi February, banja lonse lili m'munda kuthyola masamba, manja ali bii ndi phula la fodya, ndipo madzulo amakhala pansi pa chigafa kusoka ndi kupachika pa mikangala. Imeneyinso ndiyo miyezi imene nkhokwe imakhala itauma, moti ntchito yowawitsitsa imagwiridwa ndi mimba yopanda kanthu. Fodya akauma amamusankha tsamba ndi tsamba, kumumanga timitolo, kumudinda pa jeke kuti akhale mabelo, n'kumudikirira thiransipoti ya ku okushoni. Belo likabwezedwa kapena likagulidwa motchipa, nkhani imafika kumudzi usiku womwewo. Likagulidwa bwino, pamsika pamadzaza malata, matiresi, njinga zamoto ndi mavenda a kaunjika, ndipo amuna ena amasowa pakhomo mpaka ndalama itatha. Nthabwala za alimi a ku Kasungu osambitsa njinga ndi mowa si zonse zili zopeka.

Chaka chimene anthu a kuno sachitchula moseka ndi 2002. Chimanga chinasowa m'misika ya ADMARC, mtengo unakwera kangapo pa miyezi yochepa, ndipo boma linalengeza za ngozi ya njala mu February chaka chimenecho anthu atayamba kale kufa. Kasungu inali m'gulu la maboma amene anavutika koposa. Anthu anadya zitsa za nthochi, mizu yakutchire ndi madeya osakaniza ndi zosadyeka. Matenanti ndiwo anayamba kugwa, chifukwa mabwana ena analeka kuwapatsa phoso, ndipo analibe munda wawo, analibenso abale pafupi. Dziko lodzaza fodya m'zigafa linalephera kudyetsa omulima. Kuyambira pamenepo alimi ambiri anaphunzira kusiya ndime ya chinangwa ndi mbatata, ndipo zaka zaposachedwapa soya ndi mtedza zalanda minda yambiri imene kale inali ya fodya.

Tsopano za m'mbale, poti mlendo sadya mbiri. Kwa Kapelula kulibe hotela, ndipo chakudya chabwino sichigulitsidwa, chimaphikidwa pakhomo. Mukafika, mayi wapakhomo amagwada n'kukupatsani moni, kenako chikho cha thobwa wa chimera cha mawere, wozizira bwino wa mumtsuko. Musakane. Nsima ikabwera idzakhala ya ufa woyera ngati akulemekezani, ngakhale ine ndimati ya mgaiwa ndiyo imakoma ndi ndiwo za kuno. Ulemerero wa Kasungu uli pa mtedza. Nkhwani wotendera, chisoso chotendera, mfutso wa khwanya wosungidwa m'chikwatu kuyambira dzinja, zonsezi zimadalira nsinjiro za mtedza wosinja mumtondo tsiku lomwelo, osati za m'pepala. Akuluakulu amaumirira kuti Chalimbana ndiye mtedza, CG7 ndi wamalonda chabe, ndipo mkangano umenewu sudzatha. M'mawa kumakhala futali wa mbatata kapena maungu, apo ayi chigumu ndi tiyi. Nkhuku yachikuda ikaphedwa chifukwa cha inu, nthutumba ndi yanu. Mukaisiya m'mbale mwanyoza.

Nyengo iliyonse ili ndi zake. Mvula zoyamba zimabweretsa inswa, zokazinga popanda mafuta ndi kamchere pang'ono. Chakumapeto kwa chaka kumakhala masuku ndi mango. Dzinja likakhazikika kumamera bowa, utale waukulu ngati chipewa ndi manyame ofiira, ngakhale amayi tsopano amayenda mtunda wautali kuti awapeze poti mitengo yake inatha. Matondo ndi mphalabungu nazo zinathawira komwe kwatsala nkhalango. M'chilimwe anyamata amakumba mbewa m'minda yokolola, ndipo amene amanyansidwa nazo nthawi zambiri ndi amene sanalaweko. Patsiku la msika pamakhala chiwaya cha tchipisi ndi nyama ya mbuzi, kanyenya, zitumbuwa, usipa ndi utaka wouma wochokera kunyanja. Wamwayi amapeza mpasa, nsomba yonona imene imakwera mtsinje wa Bua kukaswana.

Zoona zina zili pamtunda wa maola ochepa. Kumadzulo kwa boma kuli Kasungu National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1970, ndipo kuti ikhalepo midzi ina inasamutsidwa m'zaka za atsamunda ndi pambuyo pake. M'katimo muli ng'anjo zakale zosungunulira chitsulo, zojambula za pamiyala ndi mabwinja a midzi ya malinga, umboni woti kunali amisiri kuno mzungu asanabwere. Njovu zinatsala pang'ono kutheratu ndi opha mozemba, ndipo mu 2022 njovu 263 zinabweretsedwa pa malole kuchokera ku Liwonde. Alendo ogona pa Lifupa amakondwa nazo. Alimi a m'malire, kuno ndi ku Zambia, amene zawadyera chimanga ndi kuwaphera abale, ali ndi mawu ena. Kum'mawa, nkhalango ya Nkhotakota yakhala m'manja mwa African Parks kuyambira 2015, ndipo njovu pafupifupi 500 zinasamutsidwira kumeneko mu 2016 ndi 2017. Nyama imene minyanga yake inatsegula njira ya Jumbe tsopano ikuchita kubwera pagalimoto, ikulonderedwa ndi mfuti.

Gule wamkulu alipo, koma si wa pa siteji. Amatuluka pa maliro, pa ziliza, pa chinamwali ndi polonga mfumu. Bungwe la UNESCO linamuzindikira mu 2005 ngati chuma cha anthu onse, komabe kudambwe kuli eni ake. Mukakumana ndi chilombo panjira, patukani, ponyani kandalama pansi, ndipo musatulutse foni musanapemphe kwa akuluakulu. Mganda ndi chimtali ndiwo magule oonera momasuka, makamaka pambuyo pokolola midzi ikamayenderana.

Pali chinthu chimodzi chimene sindingachisiye. Njira ya ku Muscat sinatsekeke. Zaka zapitazi atsikana ndi amayi a m'maboma osiyanasiyana akhala akulonjezedwa ntchito zabwino ku Dubai kudzera pa WhatsApp ndi Facebook, n'kukapezeka ali m'nyumba za anthu ku Oman, pasipoti italandidwa, akugwira ntchito usana ndi usiku, osaloledwa kuchoka popanda chilolezo cha bwana. Mu 2024 wailesi ya BBC inaulutsa nkhani ya amayi a ku Malawi oposa 50 amene anathandizidwa kubwerera kwawo atazunzika chotero. Si onse opita kumeneko amene amaona zoipa, ndipo alipo amene amatumiza ndalama zomangira nyumba. Koma kholo la kwa Kapelula limene mwana wake wabwera ndi nkhani ya ejenti, lifunse dzina la kampani, lione kontirakiti yolembedwa, likafunsenso ku ofesi ya zantchito pa boma tikiti isanagulidwe.

Wofuna kudzacheza abwere pakati pa May ndi August, misewu itauma, nkhokwe zitadzaza, okushoni ili m'kati. Ayambe wakaonekera kwa a mfumu a m'mudzi umene wafikira, asaiwale kamphatso m'manja, kaya shuga kaya sopo, ndipo apemphe kuti amuperekeze kwa agogo amene anaona nkhalango isanagwe. Achite changu, chifukwa otsalawo ndi owerengeka.